Chambo chinapita kuti? Mafunso ndi mayankho pa za usodzi ndi ulimi wa nsomba

Mafunso awa amamveka kawirikawiri m'madoko, m'misika ya nsomba, ndiponso kwa anthu amene akulingalira zokumba damu kumunda kwawo. Ena amafunsidwa mwaukali, ndipo ukaliwo uli ndi chifukwa chake.

Kodi n'zoona kuti nsomba zikutha? Usipa si uwu uli mbwee mumsika?

Zonse ziwiri n'zoona. Mukaphatikiza nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno pa chaka, chiwerengero chakwera kuposa cha m'zaka za m'ma 1980, ndipo zaka zaposachedwapa chakhala chikupitirira matani 150,000. Koma vundukulani dengulo muone zili m'katimo: zoposa theka ndi usipa. Chambo, kampango, mpasa ndi nsomba zina zikuluzikulu zatsala kagawo kochepa kwambiri.

Usipa umakhala ndi moyo pafupifupi chaka chimodzi, umaswana msanga, choncho umapirira usodzi wambiri. Komanso ndi nsomba yosadalirika. Chaka china umadzadza mathandala mpaka wina kuwolera pamchenga, chaka chinzake bii. Dziko likatsamira pa nsomba imodzi yotereyi, chaka choipa chimodzi n'chokwanira kusowetsa ndiwo mabanja ambirimbiri kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje.

Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za kusamala chilengedwe pa dziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Umodzi mwa mitunduyi, Oreochromis lidole, wakhala usakuoneka kwa zaka zambiri moti akatswiri akuopa kuti mwina unapita kale. Ndipo si koyamba. Ntchila inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1950. Funsani mnyamata wa kunyanja lero ngati anaidyapo.

Chinachitika n'chiyani ku Malombe?

Nyanja ya Malombe ndi yaing'ono ndiponso yosaya, ndiye zimene zimatenga nthawi kuoneka m'nyanja yaikulu, kumeneko zinaoneka m'zaka khumi zokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankagwira chambo chopitirira matani 8,000 pa chaka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sichinkafika ngakhale matani 200.

Chinasintha ndi zida. Makoka a kambuzi ndi nkacha, a maso aang'onoang'ono, anachuluka. Nkacha imaponyedwa pakati pa nyanja ndi mabwato awiri, ndipo mnyamata wina, bilamani, amamira pansi kukamanga zingwe za kumunsi kuti ukondewo ukhale ngati thumba. Akamaukoka umapala pansi ponse. Umazula udzu wa m'madzi momwe ana a nsomba amabisala, umafafaniza zisa za chambo, n'kutenga chilichonse, ngakhale kasawala, tiana ta chambo. Chambo chitatha anthu anatembenukira ku kambuzi, ndipo kambuzi nayenso anayamba kuchepa. Ndi mavuto amenewa amene anachititsa boma kuyamba kuyang'anira usodzi mothandizana ndi anthu a m'midzi mu 1993, kuyambira ku Malombe komweko ndi kumtunda kwa Shire.

N'chifukwa chiyani chambo chimagonja msanga chotere?

Kaberekedwe kake ndiko kamachiika pachiopsezo. Champhongo chimakonza chisa pansi pamchenga, chachikazi n'kubwera kudzaikira mazira. Chikatero chimatola mazirawo n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo chimapitiriza kusunga anawo m'kamwa momwemo kwa milungu ingapo, chosadya mokwanira. Kenako chimapita nawo m'madzi osaya, m'mabango ndi m'mlulu, kukawasiya kuti akule.

Aliyense amene anatumbulapo chambo cha m'nyengo yoswana amadziwa zimene zimaoneka: mukachigwira kumutu, tiana timakhuthukira m'manja, tina tikadali ndi kathumba kachikasu kumimba. Pamenepo mwapha mazana a nsomba, mwagulitsa imodzi.

Chambo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chiyambe kuswana. Malamulo amaletsa kugwira kapena kugulitsa chambo chosafika masentimita 15, ndi mpasa yosafika masentimita 30. Kunena mosabisa, muyeso wa 15 uja ndi wotsika, chifukwa chambo chambiri cha msinkhu umenewo chimakhala chisanaswepo ngakhale kamodzi. Koma ngakhale muyeso wotsikawo ukanatsatidwa m'madoko onse, zinthu zikanasintha kwambiri.

Zida zoletsedwa ndi ziti?

Masikito, kaya paokha kaya atasokereredwa ku khoka la m'mphepete. Maukonde a monofilament, aja oonekera ngati madzi, otsika mtengo, amene akang'ambika amangotayidwa m'nyanja n'kumakolabe nsomba kwa zaka popanda wokawonjola. Kandwindwi, khoka la zingwe zazitali lokokedwa kwa maola ambiri likukwekwereza pansi. Matchera a maso ochepera muyeso wa dera lanu. Katupe ndi mankhwala ena onse othira m'madzi. Nkacha siloledwa pa nyanja ya Malawi. Kauni, kusaka chambo usiku ndi chilimira ndi nyali, nayonso ndi njira imene yachisautsa chambo kwambiri.

Lamulo lalikulu loyendetsa zonsezi ndi la mu 1997 losamalira ndi kuyang'anira nsomba. Limafunanso kuti zida zophera nsomba zamalonda zikhale ndi laisensi. Muyeso wa maso a ukonde umasiyana potengera nyanja ndi dera, choncho musanagule ukonde fikani kaye ku ofesi ya Fisheries ya m'boma lanu.

Makolo athu ankati nsomba n'za Mulungu, sizingathe. Ankanama?

Sankanama, ankanena zimene ankaona. M'masiku awo maukonde ankalukidwa ndi luzi la chopwa, ankaola msanga, ndipo bwato la mtengo umodzi silinkapita kutali. Mwera ukakunta kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nyanja inkapumula yokha. Lero kuli nayiloni, mainjini, nyali za mabatire zowala usiku wonse. Kalembera wa mu 1977 anapeza anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, wa mu 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Asodzi okha ndi oposa 60,000, ndipo amene amadya kudzera mu nsomba, owamba, ogulitsa, okhoma mabwato, onyamula, ndi oposa theka la miliyoni. Nyanja ndi yomwe ija.

Kutseka nyanja kumathandizadi? Nanga ana athu adya chiyani miyezi imeneyo?

Funso lachiwirili ndi limene limapha lamulo la kutseka nyanja, ndipo amene amalinyalanyaza sanagonepo ndi njala. Nyanja imatsekedwa nthawi imene chambo chikuswana. Kwa zaka zambiri makoka a m'mphepete ankaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Disembala, ku Malombe kuyambira mu Okutobala, ku Chilwa kuyambira mu Disembala mpaka mu Febuluwale. Masiku enieni ndi zida zokhudzidwa amalengeza a Fisheries chaka ndi chaka. Mwaona nokha kuti ndi miyezi yomweyo imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, feteleza akufunika, fizi ikudikira.

Mwini zida amatha kupirira. Wovutika ndi mnyamata wokoka khoka amene amalandira zake tsiku lomwelo, ndi mayi wogula beseni limodzi kuti akagulitse. Kwa iwowa, papsa tonola sudziwa mtima wa moto: ndikazisiya ine, mnzanga azigwira usiku uno. Maganizo amenewa si uchitsiru. Ndi mmene aliyense amaganizira pa chinthu chopanda mwini.

Choncho kutseka kumagwira ntchito pokhapokha zinthu ziwiri zilipo. Choyamba, aliyense atsimikize kuti mnzake nayenso wasiya. Chachiwiri, pakhale podalira: banki m'khonde yosungako ndalama za miyezi ya usipa wambiri, dimba, mpunga, mbuzi. Dziwaninso kuti kutseka sikuletsa zonse. Mbedza ndi zida zina zovomerezeka zimagwirabe ntchito. Ndipo miyezi yotseka ilibe phindu ngati pa tsiku lotsegulira masikito abwerera m'mabango kukasesa ana omwe aja amene tinkawateteza.

Kuli kumene zinathekapo?

Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chilumbachi chimatsekedwa chaka chilichonse, kuchokera mu Disembala mpaka mu Epulo, mwa lamulo la mfumu. Pa nthawiyo palibe wogona kumeneko, palibe woponya ukonde m'madzi ozungulira. Potsegulira pamakhala mwambo, akuluakulu n'kuthira nsembe. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, akazi safikako, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Ofufuza apeza kuti utaka wa ku Mbenji ndi waukulu ndi wonenepa kuposa wa m'madera oyandikana nawo.

Si malamulo onse a ku Mbenji amene angasamutsidwire kwina, ndipo lija loletsa akazi ambiri angalitsutse. Chofunika kutengapo n'chakuti asodzi a kumeneko amadziwa amene anaika lamulo, amadziwa amene amalilondera, ndipo akatsegulira amaona ndi maso awo zimene kudikira kwawabweretsera. Madera ena, monga ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Mangochi, akhazikitsa malo otetezedwa kumene nsomba zimaswana popanda wozisokoneza. Ku Malombe amamizamo nthambi za mitengo kuti ana a nsomba apeze pobisala, ndiponso kuti khoka lolowamo mwakuba likodwe. Ku Cape Maclear, mu paki imene inakhazikitsidwa mu 1980, saloleza usodzi pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku gombe la pakiyo ndi zilumba zake, ndipo mbuna zilipobe zamitundumitundu.

Bwanji mumalimbana ndi ife a mabwato aang'ono pamene ma trawler akukokolola chilichonse?

Dandaulo ili ndi lomveka. Malamulo amati trawler, bwato lalikulu la injini lokoka khoka, isagwire ntchito pafupi ndi gombe kuposa makilomita pafupifupi 1.8, isakoke m'madzi osafika mamita 18 kuya kwake, ndipo isakoke usiku. Ikalowa m'madzi osaya imapala zisa za chambo n'kudula matchera a anthu osauka. Msodzi amene wawotcheredwa ukonde wake wa masikito m'mawa, madzulo n'kuona trawler ikudutsa pamaso pa doko popanda woifunsa, simungamuuzenso za kusamala nyanja. Boma linayamba kuika zipangizo zolondolera ma trawler kumene ali; zipangizozo zili ndi ntchito ngati wolakwa akulandidwadi laisensi, kaya ndi wa ndani.

Koma tisabisale kumbuyo kwa ma trawler. Nsomba zoposa magawo asanu ndi anayi mwa khumi zimagwidwa ndi asodzi ang'onoang'ono, ndipo m'mabango momwe muli kasawala trawler sifikamo. Amafikamo ndi ife.

Makomiti a padoko, ma BVC, ali ndi mphamvu yanji?

Komiti ya padoko imalemba asodzi ndi zida zawo, imalandira kapena kukana asodzi obwera, imalondera nthawi yotseka, ndipo mothandizana ndi alangizi ndi apolisi imalanda zida zoletsedwa. M'maboma momwe khonsolo inavomereza malamulo a m'deralo, mphamvu zake zimakhala zomveka bwino. Imafooka ikadzaza ndi eni zida zoletsedwa, kapena mfumu ikamalandira ndowa ya nsomba kuchokera kwa alendo amene komiti yawakana. Imalimba mukakhala amayi owamba ndi ogulitsa nsomba, chifukwa iwo ndi amene amadziwa bwato lililonse ndi zimene latsitsa.

Nyanja ya Chilwa imauma yokha. Kusamala kumeneko kuli ndi phindu lanji?

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inauma mu 1968, mu 1995, ndi mu 2018. Ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'maiwe otsalira a m'mitsinje monga Likangala, Domasi, Phalombe ndi Sombani. Nsomba zimenezo ndiye mbewu. Mu 1995 mafumu ndi a Fisheries anagwirizana kuteteza maiwe amenewa, makamaka ku katupe, ndipo madzi atabwerera nsomba zinabwereranso. Wothira katupe m'dziwe lotero chaka cha chilala wapha nsomba za nyanja yonse.

Kudula mitengo kumtunda kukukhudzana bwanji ndi nsomba?

Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Anthu akalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje n'kugwetsa mitengo m'mapiri, dothi limakwirira timiyalato ndipo mazira amafa. Onjezanipo miyono ndi maukonde otchinga mtsinje wonse pa mathiriro. Bua ikadali ndi mpasa kwenikweni chifukwa chigawo chake chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota.

Pali njira yopezera zambiri popanda kugwira zambiri?

Ilipo, ndipo ndi imene imalankhulidwa mochepa. Nsomba zambiri zimaonongeka zitafika kale kumtunda. M'dzinja usipa umayanikidwa mvula n'kubwera, umachita nkhungu, n'kugulitsidwa motchipa ngati chakudya cha nkhuku. Woyanika pamchenga amagulitsa nsomba zolumitsa mano. Mathandala okwera, matenti a pulasitiki oumitsira ndi dzuwa, zitofu zowambira zosadya nkhuni zambiri, ndi ayezi m'bwato zimapangitsa beseni lomwelo kubweretsa ndalama zochuluka. Tenti ndi yodula kwa munthu mmodzi, koma gulu la amayi limakwanitsa.

Ine ndine wogula chabe, ndili ku Lilongwe. Zikundikhudza pati?

Kasawala amagwidwa chifukwa alipo womugula. Mukaona milu ya tiana ta chambo, tosatalika kuposa chikhatho, pitirirani, ndipo muuzeni wogulitsayo chifukwa chake mwaulemu. Funsaninso za "chambo" cha mufiriji: china ndi tilapia yowetedwa kunja kwa dziko lino. Kudya kwake kulibe vuto, koma musalipire mtengo wa chambo cha ku Mangochi.

Ndikufuna kuyamba kuweta nsomba. Ndiyambire pati?

Yambirani pa madzi, osati pa khasu. Pakhale kasupe kapena mtsinje wosaphwa ngakhale mu Okutobala, ndi dothi lamakande losunga madzi. Nyowetsani dothilo, liumbeni m'manja, liponyeni m'mwamba n'kuliwakha; likanyenyeka, damu lanu lizidzataya madzi. Damu likhale pamalo opendekeka pang'ono kuti muzitha kuliphwetsa lonse pokolola, lakuya pafupifupi mita imodzi kolowera madzi ndi mita imodzi ndi theka kotulukira. Madamu osaya kwambiri amazizira msanga, amauma msanga, ndipo mbalame zimangotola nsomba.

Mitundu yowetedwa kuno ndi makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Mbewu gulani kwa oswetsa odziwika kapena ku malo a boma monga ku Domasi m'boma la Zomba. Mbewu yotapa m'damu la mnansi nthawi zambiri imakhala nsomba zokalamba zopinimbira, zooneka ngati ana. Poyamba ikani nsomba zitatu mpaka zisanu pa sikweya mita iliyonse.

Thirani manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe, m'thumba kapena m'kakhola pakona pa damu, mpaka madzi asanduke obiriwira. Kubiriwirako ndi chakudya. Pisani mkono mpaka m'chigongono: mukamaona chikhatho bwinobwino, manyowa achepa, chikasowa musanafike n'komwe pakati pa mkono, achuluka. Mukadzapeza nsomba zili kakasi pamwamba m'mamawa zikupuma movutikira, lekani manyowa ndi chakudya, lowetsani madzi atsopano. Lambulani udzu m'mbali chifukwa cha ng'azi ndi akatumbu, ndipo damu lisatalikire nyumba, pakuti akuba ena ndi a miyendo iwiri.

Nsomba zanga zatha miyezi isanu ndi itatu koma n'zazing'onobe. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa zitatu. Makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, ndiye damu limene munaikamo 600 limakhala ndi masauzande olimbirana chakudya chomwecho. Njira yake ndi kuweta zamphongo zokhazokha kapena kumachotsa ana pafupipafupi. Chachiwiri ndi madeya okhaokha. Madeya amakhutitsa koma sakuza. Pamafunika soya wokazinga wogaya kapena chakudya chogula, kawiri pa tsiku, pamalo amodzimodzi. Chachitatu ndi kuzizira: mu Juni ndi Julayi nsomba zimadya pang'ono, choncho konzani kuti miyezi isanu ndi umodzi yoweta igwere m'nyengo yotentha.

Chakudya ndiye chimadya ndalama zambiri pa ulimiwu. Lembani zonse zimene mwagula ndi makilogalamu amene mwakolola, apo ayi simudzadziwa ngati mukupindula.

Ku Zambia amaweta Nile tilapia ndipo imakula msanga. Bwanji kuno amatiletsa?

Imakuladi msanga, ndipo mlimi amene akupikisana ndi nsomba zochokera ku Siavonga ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma nsomba ya m'damu siikhalitsa m'damu. Chigumula chimodzi chimaipititsa kumtsinje, mtsinje n'kuitula m'nyanja. Nile tilapia imakwerana ndi abale ake a chambo n'kusokoneza mtundu, ndiponso imawalanda malo. Ku nyanja ya Kariba yatsala pang'ono kumaliza tilapia ya komweko. Ku nyanja ya Victoria, nsomba yachilendo ya Nile perch imene inaikidwamo m'zaka za m'ma 1950 inafafaniza mitundu pafupifupi 200. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, yambiri yosapezeka kwina, ndipo nsomba yachilendo ikalowamo palibe angaitulutse. N'chifukwa chake ngakhale carp inachotsedwa m'madamu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chimene alimi ayenera kuumirira n'chakuti ntchito yosankha makumba okula msanga, imene akatswiri a ku Domasi ndi ku yunivesite ya LUANAR akhala akugwira, ifulumire ndipo mbewuyo ifike kumudzi pa mtengo wotheka.

Kodi makheji ndi madamu angalowe m'malo mwa nyanja?

Pakadali pano ayi. Nsomba zowetedwa sizifika ngakhale gawo limodzi mwa khumi a nsomba zonse za m'dziko muno. Makheji, makola a maukonde oyandama owetera nsomba, monga amene kampani ya Maldeco inayamba kuika m'nyanja ku Mangochi m'zaka za m'ma 2000, amatulutsa chambo chambiri pamalo ochepa, koma amafuna mpamba waukulu, chakudya chabwino tsiku lililonse, ndi malo akuya oyenda madzi kuti zotsalira zisaunjikane pansi. Afunikanso kuikidwa mogwirizana ndi asodzi a pamalopo, osati kungowatsekera pamene akhala akuponya matchera kuyambira kale. Ndipo ngati chakudya cha m'makheji chikupangidwa ndi usipa umene mwana wa kumudzi akanadyera nsima, tangosamutsa ndiwo kuchoka m'mbale ya wosauka.

Nsomba za m'damu langa zatuluka zilonda zofiira. Nditani?

Akhoza kukhala matenda a EUS, amene anapezeka koyamba m'dziko muno mu 2020 ku Mchinji, ndipo amakonda nyengo yozizira. Dziwitsani mlangizi wa za nsomba tsiku lomwelo. Musagulitse kapena kupatsa mnzanu nsomba kapena mbewu ya m'damulo, musabwereketse ukonde ndi ndowa, ndipo musatsegulire madziwo kumtsinje. Zakufa zitoleni n'kuzikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi madzi. Mukakolola, phwetsani damu, thirani laimu, lisiyeni liume mpaka pansi pang'ambike musanalowetsenso madzi.